Khanda lobanika mwa apo ndi apo: lipoti la chotupa chaubweya chakukhosi

Mwana amene ndikumufotokoza m'lipotili anatha masiku anayi akubayidwa mankhwala a chibayo, chikhalirecho chimene chinkamubanikitsa chinali chotupa chotalika masentimita 3.5 cholendewera kuseri kwa denga la m'kamwa. Woyamba kuchiona sanali dokotala, anali mayi ake. Ine ndimagwira ntchito ya makutu, mphuno ndi kukhosi, ndipo ndinaitanidwa zinthu zitafika kale pothina. Makolo a mwanayo anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Mayina, masiku ndi chipatala ndazisiya dala.

Mmene zinayambira

Ndi mwana wamkazi, wachiwiri kwa mayi wazaka 27. Nthawi yonse ya pathupi panalibe vuto. Sikani ya pa masabata 20 sinaonetse chachilendo, ndipo madzi a m'nsupa anali a mlingo woyenera mpaka kumapeto. Za madzizi n'zofunika: mwana amene kukhosi kwake kwatsekeka ndi chotupa chachikulu amalephera kumeza ali m'mimba, madzi amachuluka, ndipo kawirikawiri azamba amayambira pamenepo kukayikira. Apa chenjezo limenelo panalibe. Anabadwa pa masabata 39 popanda opaleshoni, akulemera makilogalamu 3.1, Apgar (mapointi a thanzi la khanda pobadwa, pa 10) 8 pa mphindi yoyamba ndi 9 pa yachisanu. Analira mokweza, n'kuikidwa pachifuwa pa mayi ake.

Patatha maola 6, ali pabere, anatsamwa milomo n'kubiriwira. Mzamba anamupopa m'kamwa ndi m'mphuno, anamuika pa okosijeni, ndipo pasanathe mphindi ziwiri mwana anali bwinobwino ngati palibe chachitika. Usiku womwewo zinabwereza, ulendo uno asakuyamwa, atangomugoneka chagada pomusintha thewera. Anamusamutsira ku wodi ya makanda odwala. Pomulandira analemba kuti akupuma ka 68 pa mphindi, nthiti zikulowa m'kati, okosijeni wa m'magazi ali pa 84 peresenti, kenako 97 atamuika pa mpweya. Ekisire ya pachifuwa inaonetsa kamtambo pamwamba pa phapo la kumanja. Anati ndi chibayo, n'kuyamba benzylpenicillin ndi gentamicin. Pachiyambi chimenechi sindingaimbe munthu mlandu. Khanda likamapuma mothamanga tsiku loyamba, tonsefe timayamba taganiza za chibayo ndi matenda a m'magazi, ndipo makanda amene amafa chifukwa chochedwa kulandira maantibayotiki ndi ochuluka kutalitali kuposa ophedwa ndi zotupa zakukhosi.

Anamulowetsa chubu chodyetsera kudzera mphuno ya kumanja ndipo chinafika m'mimba mosavuta. Izi zinachotsa mantha akuti mwina mmero sunalumikizane ndi chifu, zinasonyezanso kuti mphuno imeneyo ndi yoboola mpaka kuseri. Ya kumanzere palibe anaiyesa. CRP, kuyeza magazi kosonyeza ngati thupi likulimbana ndi matenda, inabwera yotsika, magazi amene anatumizidwa kulabotale sanameremo bakiteriya, ndipo mtima ataujambula tsiku lachitatu unali wabwino.

Nditawerenga tchati cha anamwino pambuyo pake ndinapeza kuti nkhani yonse inali italembedwa kale mmenemo. Maulendo 9 obanika pa masiku anayi, pafupifupi onse mwana ali chagada, kapena atangolira, kapena akuchita ngati afuna kusanza. Pakati pa maulendowo okosijeni ankakhala pa 96 mpaka 99, kupuma kwabata, khungu la mtundu wabwino. Mapapo akadwala amadwala usana ndi usiku womwe, mwana agone chagada kaya chafufumimba. Vuto lobwera mwadzidzidzi n'kuchokanso mwadzidzidzi limaloza ku chinthu chimene chikusuntha.

Ndipo mayi anali atanena. Tsiku lachiwiri anauza namwino wa usiku kuti, "Anamwino, mwanayu akamakhosomola ndikumaona kanthu koyera kukhosiku, kokhala ngati lilime lina." Namwinoyo analemba mawuwo mmene analankhulidwira, ndipo ndimamuyamikira pa zimenezo. M'mawa dokotala anasuzumira m'kamwa mwa mwanayo ali m'tulo, sanaone kanthu, n'kulemba kuti mwina ndi mkaka wogwirana kapena mafangasi a m'kamwa. Anapereka nystatin. Sakanaona kanthu, chifukwa pa nthawiyo chotupacho chinali chitamezedwa, chili phee kummero.

Tsiku lachinayi masana mwana anabanika kuposa kale lonse. Okosijeni anatsika kufika pa 58, mtima n'kubwerera pa 80 pa mphindi. Dokotala wa ana amene anali pa ntchito anatenga laryngoscope, chipangizo choonera kholingo, kuti amulowetse chubu chopumira, ndipo atanyamula lilime anaona chinthu chotuwa chitagona pakhomo pa kholingo. Anachikankhira pambali ndi nsonga ya chipangizocho, mwana n'kukoka mpweya yekha. Anamugoneka cham'mbali n'kundiimbira foni.

Zimene ndinapeza

Ndinamupeza akupuma modekha. Phokoso limene linalipo linali ngati mkonono, lotsika, lochokera kumtunda kwa khosi, osati kakhweru ka stridor kamene kamachokera pakholingo penipeni kapena pansi pake. Kulira kwake kunkasinthasintha, pena mawu omveka bwino, pena ngati wamuphimba nsalu kukamwa. Makutu onse anali oumbika bwino, denga la m'kamwa losang'ambika, nsagwada yosabwerera m'mbuyo, khosi lopanda chotupa. Pachibwano, pamlomo wam'munsi ndi pakhosi panalibe banga lofiira. Maso sanatalikirane mopitirira, ndipo pamsana pa mphuno panalibe kadzenje kapena katsitsi. Chilichonse mwa izi chikanapezeka chikanandilozera njira ina.

Ndinalowetsa kamera yopyapyala yopindika kudzera mphuno ya kumanzere. Inadutsa mpaka kuseri, choncho za mphuno yotsekeka chibadwire, ija timati choanal atresia, zinathera pomwepo. Kuseriko ndinaona phesi lonenepa ngati kamtengo ka machesi, lomera pakhoma la kumanzere, pansi pang'ono pa khomo la Eustachian tube, kanjira kaja kochokera m'kati mwa khutu. Nditalitsatira chotsika ndinapeza thupi la chotupacho: lalikulu ngati chala chaching'ono cha munthu wamkulu, lokutidwa ndi khungu lenileni lotuwa, lili ndi tiubweya tonyezimira pa kuwala kwa kamera, nsonga yake italowa kummero pambali pa chubu chodyetsera. Ndikuyang'ana choncho mwana analira, n'kudzikakamiza ngati asanze, chotupacho n'kuvumbuluka kummero kudzagwera pa epiglottis, kachivindikiro ka pakhomo pa kholingo. Makina anayamba kulira. Titamutembenuza chinatsetserekera pambali, mpweya n'kuyambanso kudutsa. Maulendo 9 aja ndinawaona onse m'masekondi ochepa amenewo. Kholingo linali labwino, timinofu ta mawu tonse tiwiri tikuyenda. Chotupacho sichinkagunda ndi mtima, ndipo mwana akalira sichinkafufuma.

Munthu wamkulu atakhala ndi chinthu chotere angamangodandaula kuti kukhosi kukumukanda. Khanda ndi nkhani ina. M'miyezi yoyambirira limapumira kwambiri m'mphuno, lilime lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kamwa, kholingo lili pamwamba moti epiglottis imatsala pang'ono kukhudza denga la m'kamwa. Pansi pa timinofu ta mawu njira ya mpweya ndi yotambalala pafupifupi mamilimita 4 basi. Pakatupa milimita imodzi kuzungulira, malo odutsa mpweya amatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Malo osewerera palibe.

Kudula pompo kapena kujambula kaye

Apa ndi pamene tinasiyana maganizo, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera lipotili. Dokotala wachinyamata amene ndinali naye anati, "Adokotala, phesilo n'laling'ono. Bwanji tingochikoka, timange ulusi, tidule pompano mwana apume?" Ndinamumvetsa. Mwana anali atatsala pang'ono kutisiya maola awiri apitawo, ndipo chomupha chinkaoneka kuti chingachoke ndi sizasi kamodzi kokha. Inenso mumtima ndinali nditachitcha kale dzina: khungu, ubweya, phesi, kumanzere, mwana wamkazi, zonse zinkanena hairy polyp, chotupa chaubweya cholendewera pa phesi.

Ndinakana pa zifukwa zitatu, ndipo choyamba ndicho chachikulu. Denga la kuseri kwa mphuno ndi pansi pa chigaza. Chinthu chilichonse cholendewera kuchokera kumeneko mwa khanda chiyenera kutengedwa ngati chalumikizana ndi ubongo mpaka chithunzi chitakana. Encephalocele, kathumba ka zokuta ubongo kotulukira pa mpata wa fupa, ikhoza kutsikira kuseri kwa mphuno kudzera m'fupa la sphenoid kapena la ethmoid, ndipo ya ku sphenoid nthawi zina imatsika ndi pituitary yomwe, kachiwalo kotulutsa mahomoni ka pansi pa ubongo. Nasal glioma ndi mnofu wa ubongo wosochera, ndipo pafupifupi 15 mwa 100 alionse amakhala ndi kachingwe kofika ku zokuta ubongo. Teratoma, chotupa cha minofu yamitundumitundu, nayo ikhoza kukhala ndi mbali ina m'kati mwa chigaza. Ukadula chimodzi mwa zimenezi mosadziwa, madzi a muubongo amayamba kutsikira kukhosi, bakiteriya apeza khomo, mwana n'kudwala matenda oumitsa khosi. Pali kayezedwe kakale, Furstenberg test: ukafinya mitsempha ya jugular m'khosi, kapena mwana akalira, encephalocele imafufuma. Chathuchi sichinafufume. Koma kusafufuma sikutsimikiza kanthu, chifukwa mpata wa fupa ukakhala wopapatiza thumba silisintha. Ndiponso zotupa zomera pafupi ndi Eustachian tube zina zimalowerera m'kanjirako mpaka m'kati mwa khutu, ndipo kamera sionetsa kumene phesi lathera.

Chachiwiri ndi magazi. Khanda limakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 80 pa kilogalamu, ndiye kuti mwana uyu anali ndi pafupifupi 250 m'thupi lonse. Kutaya 25 n'kutaya gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo magaziwo akanatsikira pakholingo losatetezedwa. Phesi lodulidwa kuseri kwa denga la m'kamwa limathawira m'mwamba, kumene pabedi la m'wodi sungalione kapena kuligwira. Chachitatu n'chapafupi: chotupa choterera chikapulumuka pa chopanira chitadulidwa kale, chimagwera kumene takhala tikuopa.

Komabe mnzangayo anali ndi mfundo imene sindikanaikana. Kutumiza mwanayu ku MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, momwe analiri, kukamugoneka chagada kwa theka la ola m'makina mmene dzanja silingamufike msanga, kunali kuika moyo wake pachiswe kuposa kudula komweko. Kudikira mpaka mawa nakonso sikunali kwabwino, chifukwa phesi lotere likhoza kupotokola, chotupa n'kufa n'kuthothoka chokha usiku. Tinagwirizana ndi dokotala wogonetsa kuti zonse zichitike madzulo omwewo pa kugonetsa kumodzi: titeteze kaye njira ya mpweya ku fiyeta, tipite naye ku MRI chubu chili m'malo, ndipo chithunzi chikalola tibwerere kukachotsa.

Ndinakhala pansi ndi makolo. Ndinayamba ndi mayi: "Mayi, chimene munaona chija n'chenicheni. Munanena zoona, ife ndi amene tinachedwa kuchiona." Anangogwedeza mutu, kenako anafunsa funso limene kholo lililonse limafunsa. "Adokotala, ndi khansa?" Ndinawauza kuti maonekedwe ake si a khansa, kuti zotupa za mtundu umene ndikuuganizira sizifalikira, koma kuti mawu omaliza adzachokera kulabotale. Bambo anafunsa ngati mwana adzalankhule. Ndinawayankha kuti kholingo ndaliona ndi maso anga ndipo lili bwino. Ndinawafotokozeranso kuti chubu chikakanika kulowa tidzaboola pakhosi, tracheostomy, ndipo anasayinira zonse ziwiri.

Ku fiyeta

Tisanayambe tinayala pathebulo bronchoscope yolimba ya makanda, chubu choonera m'njira ya mpweya, ndi zida za tracheostomy zotsegula kale. Dokotala wogonetsa anamugonetsa pang'onopang'ono ndi sevoflurane, mwana ali chopendekera kumanzere, akupuma yekha. Mankhwala ofooketsa minofu sanaperekedwe mpaka chubu chitalowa. Lamulo limeneli silofunika kulinyengerera: ukaletsa mwana wotere kupuma n'kupeza kuti mpweya wa pa masiki sukudutsa chifukwa chotupa chakhala ngati chivindikiro, watsala ndi masekondi. Atagona mokwanira ndinagwira nsonga ya chotupacho ndi chopanira chotchedwa Magill forceps, n'kuchikokera modekha kukamwa, osakoka phesi, n'kuchibaya ulusi woti tizichigwirira. Khomo la kholingo linaonekera lonse. Chubu cha saizi 3.5 chinalowa ulendo woyamba.

MRI inaonetsa chotupa chowala pa zithunzi za mtundu wa T1, chimene chinkazima tikachotsa chizindikiro cha mafuta, kutanthauza kuti m'kati mwake munali mafuta ambiri. Pakati pake panali kamzere kakuda kotsata phesi. Pansi pa chigaza panali pathunthu, pituitary ili pamalo pake, ubongo wabwino. Phesi linathera pakhoma la kuseri kwa mphuno osalowa mu Eustachian tube, ngakhale m'kati mwa khutu la kumanzere munali timadzi. Sikani ya CT sitinapange. Imaonetsa fupa bwino kuposa MRI, koma funso lathu linali litayankhidwa, ndipo panalibe chifukwa chowalitsira mutu wa khanda cheza chimene sichikanasintha chochita chathu.

Kuchotsako kunatenga mphindi 20. Tinatsegula kamwa ndi chokanulira chaching'ono, tinatseka kukhosi ndi kansalu kuti magazi asatsike, ndipo denga lofewa la m'kamwa tinalikokera kutsogolo ndi kachubu kolowetsa m'mphuno n'kutulukira m'kamwa. Ndi kamera yolimba yoona chokhota ndinatsata phesi mpaka pamene linamera. Ndinaliwotcha ndi chopanira chamagetsi (bipolar) pang'onopang'ono, ndikupewa khomo la Eustachian tube, chifukwa chipsera pamenepo chimasiyira mwana vuto la khutu kwa zaka. Munali kamtsempha kamodzi kooneka ndi maso pakati pa phesilo, komwe kaja kakanativutitsa tikanadulira m'wodi. Magazi otayika sanafike mamililita 5. Ndisanatseke ndinayang'ana mbali ya kumanja ndi kummero ngati kuli china, popeza zotupazi nthawi zina zimakhala ziwiri. Kunalibe. Anapatsidwa dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa, kamodzi, ndipo chubu tinachotsa m'mawa mwake, titaona kuti kukhosi sikunatupe.

Maantibayotiki tinasiya. Kamtambo ka pa ekisire kaja ndimakaona ngati mkaka umene unalowa m'phapo pa kutsamwa koyamba, ndipo pa ekisire yachiwiri kanali katachoka. Mwana anabwerera kubere patatha maola 24, sanabanikenso, ndipo anatuluka m'chipatala ali ndi masiku 9.

Zakulabotale ndi dzina la chotupacho

Chinali cha masentimita 3.5 m'litali ndi 1.2 m'mimba mwake. Pa maikulosikopu kunja kwake kunali khungu lokhwima, lokhala ndi mizu ya tsitsi ndi tizigawo totulutsa mafuta ndi thukuta. M'kati munali mafuta, timinofu, ndi kachidutswa ka chicherewecherewe chofanana ndi cha khutu, kamzere kakuda ka pa MRI kaja. Munalibe minofu ya m'matumbo, ya m'mapapo kapena ya ubongo, munalibenso maselo osakhwima. Yankho linali hairy polyp.

Dzinali linatchuka ndi Brown-Kelly, dokotala wa kukhosi wa ku Glasgow, amene analemba za zotupazi mu 1918. Kale pang'ono, mu 1870, Arnold anali atagawa zotupa za mtundu uwu m'magulu anayi: dermoid, teratoid, teratoma ndi epignathus. Chosiyanitsa ndi zigawo za mluza zimene chotupa chachokerako. Hairy polyp ili ndi ziwiri zokha, ectoderm (gwero la khungu ndi tsitsi) ndi mesoderm (gwero la mafuta, minofu ndi chicherewecherewe), pamene teratoma ili ndi zonse zitatu. Si nkhani ya mayina chabe ayi. Teratoma imafuna kutsatiridwa poyeza m'magazi puloteni yotchedwa alpha-fetoprotein chifukwa ikhoza kubwerera kapena kukhala ndi mbali yoopsa, ndipo kuwerenga zotsatira zake mwa khanda n'kovuta poti mlingo wake umakhala wokwera mwachibadwa n'kumatsika m'miyezi ya chaka choyamba. Hairy polyp ikachotsedwa yonse siifuna zimenezo. Pa chiyambi chake akatswiri ali pawiri: ena amaiika m'gulu la teratoma, ena amati ndi khungu labwinobwino lomera pamalo olakwika, lochokera ku branchial arch yoyamba kapena yachiwiri, zigawo za mluza zimene zimapanga nsagwada ndi khutu, ngati kakhutu kosochera. Ndikaona chicherewecherewe chija, komanso kuti zotupazi zimakonda kumera pafupi ndi Eustachian tube ndipo nthawi zina zimabwera limodzi ndi khutu losaumbika bwino kapena denga la m'kamwa long'ambika, ine ndimatsamira ku ganizo lachiwirili.

Mabuku amati imapezeka mwa khanda limodzi pa pafupifupi 40,000, mwa atsikana kuposa anyamata, ambiri amati ka 6, ndipo kumanzere kuposa kumanja. Dokotala akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osaionapo. N'chifukwa chake sindiona phindu louza anzanga a m'wodi ya makanda kuti aziiganizira ndi dzina. Chimene chingathandize n'kuzindikira kachitidwe kake: kubanika kobwera ndi kuchoka, kotsata kagonedwe, kulira ndi kuyamwa, mwa mwana amene magazi, mtima ndi mapapo sizikufotokoza vuto lake. Vallecular cyst, kathumba ka madzi ka patsinde pa lilime, imachitanso chimodzimodzi, ndipo kaonedwe kake n'komweko.

Zina zimene zimatseka njira ya mpweya pa msinkhu umenewu zili ndi nthawi yake ndi nkhope yake. Epignathus, teratoma yotulukira m'kamwa, komanso teratoma yam'khosi nthawi zambiri zimaoneka pa sikani mwana asanabadwe, ndipo zikakhala zazikulu mwana amabadwitsidwa mwa njira ya EXIT: pa opaleshoni amatulutsa mutu ndi mapewa okha, nsengwa ikupitiriza kumupatsa okosijeni, madokotala n'kulowetsa chubu asanadule mchombo. Njirayi inakhazikitsidwa ku San Francisco m'zaka za m'ma 1990. Congenital epulis, imene Neumann anaifotokoza mu 1871, imamera pankhama, kawirikawiri zam'mwamba, pafupifupi nthawi zonse mwa atsikana, ndipo siibisala, umaiona mwana akangotsegula pakamwa. Yonyenga kwambiri ndi haemangioma, chotupa cha timitsempha ta magazi, ya pansi pa timinofu ta mawu. Mwana amabadwa bwinobwino, stridor n'kuyamba pakati pa mwezi woyamba ndi wachitatu, pokoka ndi potulutsa mpweya pomwe, ndipo poti imachepa akalandira steroid, ambiri amayamba autcha croup, matenda a vairasi otupitsa kholingo, kawiri katatu. Pafupifupi theka la ana otere amakhala ndi banga lofiira pakhungu, ndipo la pachibwano ndi pakhosi ndilo lochenjeza kwambiri, n'chifukwa chake ndinayang'ana malo amenewo. Kuyambira 2008, pamene Christine Léauté-Labrèze ndi anzake ku Bordeaux anaona kuti propranolol, mankhwala a mtima, imafwetsa zotupa zimenezi, ana ambiri amene kale akanaboolewa pakhosi amachira ndi mankhwala akumwa. Mwana wathuyu propranolol sikanamuthandiza kalikonse, ndipo haemangioma sikanafuna sizasi. Zonsezi zimalira mofanana pa tchati, koma chochita chimasiyana kotheratu, ndipo chosiyanitsa ndi kuona.

Ndikabwerera ku masiku anayi aja, chimene chinasowa sichinali chipangizo. Kamera inalipo tsiku loyamba lomwe. M'kamwa munayang'anidwa kamodzi, mwana ali m'tulo, pa nthawi yokhayo imene chotupa chaphesi sichingaoneke. Mayi ananena kuti amachiona mwana akamakhosomola, ndiye kuti ankatiuza ndi nthawi yomwe yoyang'anira. Panopa, kholo kapena namwino akanena kuti waona kanthu kukhosi kwa khanda, timayang'ana mwanayo ali maso, ndi tochi yowala, kathabwa kopanira lilime katafika kumbuyo mpaka achite ngati asanze, zopopera ndi okosijeni zili pafupi. Khanda likabanika kachitatu popanda chifukwa chomveka timalowetsa kamera, osadikira kuti maantibayotiki athe. Ndipo chubu choyesera timalowetsa mphuno zonse ziwiri.

Kumutsatira

Khutu ndilo linandikhalitsa tcheru, pa zifukwa ziwiri: timadzi tija ta pa MRI, ndi masiku anayi a gentamicin, mankhwala amene amatha kuwononga kamvedwe. Pomutulutsa, kuyeza kamvedwe kwa OAE kunadutsa kumanja koma kunalephera kumanzere. Mayi anada nkhawa, ndipo ndinawafotokozera kuti madzi m'kati mwa khutu okha ndi okwanira kulepheretsa kuyezako. Pa miyezi itatu madziwo anali atauma, ndipo ABR, kuyeza kwina kwa kamvedwe, inasonyeza kuti makutu onse awiri akumva bwino.

Pa miyezi 6 ankalemera makilogalamu 7.4, akuyamwa popanda kutsamwa, mkaka osatulukira m'mphuno, kusonyeza kuti denga lofewa la m'kamwa likutseka bwino. Ndinalowetsanso kamera. Pamene panali phesi panatsala kachipsera koyera ngati kanjere, khomo la Eustachian tube lili lotseguka, palibe chomeranso. Ndinatembenuzira sikirini kwa mayi kuti aone okha. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa ngati mwana angamagone chagada tsopano, chifukwa miyezi yonseyo ankamugoneka cham'mbali ndipo ankadzuka kangapo usiku kukamusuzumira. Palibe mwa ife amene anakumbukira kuwauza pomutulutsa kuti lamulo lomugoneka cham'mbali lija linathera ku fiyeta. Ndinawauza kuti amugoneke chagada kuyambira usiku womwewo, monga mmene khanda lililonse liyenera kugonera, ndipo ndinawalembera tsiku lobweranso mwana akakwanitsa chaka.